A Zakeyu ndi Zitini za ku Zobue

A Zakeyu anali mwana wachiwiri wa a Jailosi ndi mayi Enelesi a kwa Kanduku ku Mwanza, ndipo a Zakeyuwo anabereka Paison, Vera ndi Rozina. Ana atatuwo anaphunzira ndi nyundo ya bambo awo. Wonena kuti kukhoma ndowa si ntchito abwere adzandiuze pamaso.

Ndowazo ankakhoma ndi zitini za palafini. Zitinizo ankatolera ndi achemwali awo, a Dyna, amene anakwatiwa ku Zobue, kutsidya kwa malire. Ankazisenza pamutu, kudzera njira ya m'mapiri yosadutsa pachipata, ndipo pobwerera ankasenza ndowa zatsopano kukagulitsa komweko.

Chaka china, masiku a makadi a chipani aja, kunabwera kalaliki wochokera ku Zomba, wofufuza katundu amene dziko limagulitsa kunja. Ananyamula ndowa imodzi, naiwomba ndi chala.

"Bambo, pa ndowa iyi, chathu cha Malawi ndi chiyani, chochokera kunja ndi chiyani?"

A Zakeyu anaganiza msanga. Akatchula zitini, atchulanso njira ya m'mapiri ija. Anatukumula chifuwa.

"Bwana, kuyambira chogwirira mpaka kutako, zonse ndi za kuno!"

Kalalikiyo anakondwa, nakwera njinga yake. Koma a Dyna anali pakhonde pomwepo, nkhata idakali m'manja.

"Achimwene, ndiye zitinizi zimamera m'munda mwanu? Khosi langali ndi la bulu?"

"Achemwali, ndimakutetezanitu."

"Kunditeteza pondifufuta? Boma lonse likadziwe kuti Zakeyu amabala malata!"

Zitini zinasiya kubwera. Nyundo inakhala chete mvula yonse, Paison n'kutsala pang'ono kusiya sukulu. A Zakeyu anamanga tambala panjinga, ulendo ku Zobue. Anakagwada pamaso pa a Dyna ndi amuna awo, nalonjeza kuti akamupeza kalaliki uja akamuuza kuti chitsulo ndi cha a Dyna, chawo ndi manja okha.

Tambala anadyedwa, zitini zinayambanso kubwera. Koma kalalikiyo sanaonekenso ku Mwanza, ndipo ku Zomba a Zakeyu sanapondeko. Boma linatsala likudziwa kuti ndowazo ndi za Malawi zathunthu.

Mpaka onse awiri atachita imvi, a Dyna akafika, asanatule n'komwe katundu, moni wawo unali umodzi:

"Achimwene, ku Zomba kuja mwapita?"