Tinaika abambo tsiku loponya voti

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko ndingakutche kudzuka. Ndinali nditangotsamira khoma la m'siwa, chitenje kumutu, miyendo itachita dzanzi. Bokosi la abambo linali pakati pa balaza, pamalo pamene masiku onse pamakhala tebulo. Amayi a chigwirizano anaimba usiku wonse mpaka mawu kusasa, ndipo pa nthawi imeneyi otsala akuimba anali awiri kapena atatu, enawo atagona pamphasa mitu pa miyendo ya anzawo. Panja abambo a m'mudzi ankakhosomola pamoto. Amayi anga sanagone. Anali pomwe anawakhazika dzulo lake, miyendo atatambalala, dzanja limodzi lili pa bokosi.

Linali Lachiwiri, tsiku loponya voti. Abambo anamwalira Lamulungu ku chipatala ku Namitete, ndipo Lolemba tinabwera nawo kumudzi kwathu, chakuno kwa Nsaru. Kutentha kwa September sikulola kusunga munthu m'nyumba. Akuluakulu anakhala pansi n'kugwirizana kuti tiike Lachiwiri lomwelo dzuwa lisanafike pamutu, kenako mudzi wonse utsikire ku sukulu kukavota. Palibe anatsutsa. Aliyense ankadziwa kuti malo ovotera amatseka sikisi koloko.

Ndinene za amayi ndi voti yawo, chifukwa popanda zimenezo simumva chomwe chinandilasa tsiku limeneli. Lamulo litasintha kuti wolembetsa m'kaundula wa mavoti akhale ndi chiphaso cha unzika, amayi analibe. Anajambulitsa kalekale koma chiphasocho sichinabwere. Iwo anangoti basi zisiyeni, voti ya nkhalamba imodzi siitsitsa mtengo wa feteleza. Abambo anakana. Ankawakweza pa njinga, munthu wodwala chifuwa, ulendo wokafunsa ku ofesi, kubwerako chimanjamanja, sabata inayo ulendo. Amayi ankabwera akudandaula msana, abambo akuseka. Ankati iwo anakula nthawi imene munthu sankafunsidwa kuti ukufuna ndani, ndiye sangalole mkazi wawo kukhala pakhomo tsiku lofunsidwa. Chiphaso chinapezeka, amayi analembetsa.

Loweruka ku chipatala, mawu atayamba kuvuta, abambo anawakodola amayi. Ine ndinali kumiyendo kwa bedi.

"Nabanda, zivute zitani, Lachiwiri mukavote. Yanga yapita. Yanu isapite nayo limodzi."

Amayi anati amva, ndipo anawapukuta pakamwa.

Kutayamba kuyera ndinatuluka panja. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi anali atasonkha kale moto m'mafuwa, ena akusankha nyemba, ena akudula kabichi, mzere wa zidebe ukuchokera ku mjigo. Adzukulu, amene amakumba manda, anadutsa ndi makasu ndi mapiki paphewa osalankhula ndi munthu. Wina anali ataika masamba pamsewu mbali zonse ziwiri kuti odutsa adziwe kuti pano pali zovuta. Mphepo inayamba m'mamawa momwemo, youma, yonunkha utsi wa tchire lootchedwa. Ndinaima pachulu n'kuona kumunsi ku sukulu. Mzere unali utayamba kale, anthu a midzi ina.

A m'mudzi mwathu panalibe pa mzere umenewo. Kwathu kukagwa maliro munthu sapita kudimba, sapita kumsika, sapita kulikonse mpaka mnzako atalowa m'nthaka. Si lamulo lolembedwa ayi, koma ukaoneka uli pa zako mnansi wako ali chigonere m'nyumba, anthu amangokuyang'ana n'kusunga. Tsiku lako likadzafika udzaona nkhuni kusowa. Alipo awiri atatu amene anazemba kukadali mdima. Ndinawadziwa chifukwa pobwera ankapereka moni dzanja atalibisa m'chitenje, kuopa kuti inki ioneka. Sindinawakwiyire. Tsiku limenelo ndinalibe pokwiyira, m'kati mwanga munali zii ngati m'nkhokwe ya mwezi wa njala.

Ndili pamoto paja kufunsa ngati mchere ukwane, mayi wina wachitsikana wobereka mwana ananena kuti iye anamva pa wailesi kuti chaka chino akutseka folo koloko, osati sikisi. Mayi wachikulire amene ankatakasa nyemba anamuyankha osatembenuka n'komwe. Anati iye wavota kuyambira matipate atangoyamba, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako nkhuku zitalowa, ndiye asamuuze za pa wailesi mwana wobadwa dzulo. Ena anaseka chapansipansi. Wachitsikana uja anangokonza mwana kumbuyo.

Mawuwo ndinawamva, koma ngati akulankhulidwa kutsidya kwa dambo. Ndinakawafotokozerabe amalume, alongo awo a amayi, amene ankayendetsa zonse. Anandigwira paphewa n'kunena kuti kaya folo kaya sikisi, ife pofika masana tikhala titamaliza, ndisadzipweteke mutu. Ndinabwerera m'siwa.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. A midzi yoyandikana ankabwera atavota kale, pa njinga, pa kabaza, ena wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Amuna ankatsika njinga pa masamba paja n'kuvula zipewa. Ndinaona mkulu wina atavala malaya a chipani chozondotsa, zilembo zili m'kati, jekete pamwamba kutentha konseko. Azimayi ankayamba kulira akangoona denga la nyumba yathu, kulowa m'siwa chogwada, kugwira amayi dzanja, kutuluka kukakhala pansi pa mango. Ena ondipepesa sindinawazindikire nkhope. Ndinkangoyankha kuti zachitika, zachitika, mpaka mawuwo anasiya kutanthauza kanthu.

Adzukulu anatumiza uthenga kuti manda atha. Chakudya chinapsa. Abusa anafika n'kukhala pa mpando wa ndalema pakhonde. Zonse zinali m'malo, kupatula akuchimuna.

Abambo anali mkamwini pamudzi pathu. Kwawo n'kwa Kabudula, ndipo bokosi silikhomedwa eni ake a munthu asanaone nkhope. Azakhali, mlongo wawo yekhayo wa abambo amene watsala, anali atalonjeza kuti afika m'mamawa ndi abale ena. Amalume akaimba foni, yankho linali lakuti tili m'njira. Akaimbanso, tili m'njira. Inu mukuidziwa tili m'njira ya kwathu kuno, munthu amainena ali m'bafa. Tinadzamva pambuyo pake kuti iwo anaganiza zoyamba avota kwawoko, poti munthu amavotera komwe analembetsa, ndipo mzere wa kumeneko unali wautali. Atamaliza, galimoto zinavuta chifukwa linali tsiku la tchuthi. Ndiye iwo anali pa mzere wovota, ife tili pa mphasa kuwadikira kuti tikavote.

Anafika dzuwa litapendeka, pa kalole ka fodya, akulira kuchokera kumsewu. Azakhali anadzigwetsa pakhomo. Anthu anawadzutsa, bokosi linatsegulidwa, tonse tinazungulira kuona nkhope. Abambo anali atawaveka tayi yawo ya ku tchalitchi, itapindika pang'ono. Ndinafuna kuiwongola koma mzere unandikankha.

Kenako mwambo. Woimira banja, woimira akuchimuna, woimira amfumu, woimira mpingo, wa kalabu ya alimi. Aliyense ankayamba ndi mawu akuti sindichulutsa, n'kuchulutsa. Wa akuchimuna anafotokoza mbiri ya abambo kuyambira ali kubusa mbuzi. Palibe akanamudula, anali atayenda mtunda ndipo womwalirayo ndi wawo. Abusa nawo anaona khamu lomwe linasonkhana ndipo sanafune kuti lipite osamva. Mithunzi ya mango inachoka pa anthu n'kukafika pa khola.

Ulaliki uli m'kati ndinamva chitenje changa chikukokedwa. Anali amayi. Chiyambire m'mawa anali asanatulutse liwu.

"Nthawi ili bwanji?"

Ndinawauza kuti ikadalipo. Sindinayang'ane n'komwe pa foni.

Tinanyamuka kupita kumanda nyimbo ili patsogolo. Amuna ankalandirana bokosi akuyenda, wina kulowa wina kutuluka, osaliika pansi. Njira yake imadutsa m'minda yosalima, mapesi ali gonegone, ndipo fumbi la mapazi athu linkabwerera kwa ife tomwe. Kamvuluvulu anadzuka m'munda wina, anazunguza zinyalala, anatha. Amayi ankayenda pakati pa amayi awiri a chigwirizano atawagwira m'mikono. Kumanda kunali kozizira chifukwa cha mitengo. Anatsitsa bokosi ndi zingwe. Dothi loyamba litagunda pa thabwa azakhali anakuwa, ena anawalandira, ine ndinkangoyang'ana nyerere imene inkakwera pa nsapato ya abusa. Anandiitana kukaika nkhata, ndinakaika. Adzukulu anaumba mtumbira ndi kuseri kwa makasu mpaka unasalala.

Pobwerera pali mphambano. Njira ya kumanja imapita kunyumba, ya kumanzere imatsikira ku sukulu. Namfedwa akachoka kumanda amapita molunjika ku siwa, sakhotera kwina, ndipo tsiku limenelo saonekanso pagulu. Titafika pa mphambanopo amayi anaima. Owagwira aja anayesa kuwakokera kumanja, poganiza kuti miyendo yafooka. Amayi anati akupita ku sukulu.

Azakhali anabwera pafupi n'kunong'ona, koma tonse tinamva.

"Alamu, dothi silinaume n'komwe. Anthu ati chiyani?"

"Ndi alongo anu anandituma," anatero amayi.

Amayi anakhotera kumanzere, owagwira aja anakhota nawo poti sakanawasiya, ine pambuyo. Nditacheuka ndinaona mudzi wonse ukubwera, adzukulu dothi lili m'miyendo, azimayi a kumoto maso ofiira ndi utsi, amalume jekete paphewa. Tinatsika phee, opanda nyimbo. Dzuwa linali likadali pamwamba pa mitengo ya bulugama ya pa sukulu, ndipo ndinamva wina kumbuyo akunena kuti tafika bwino, nthawi ilipo yambiri.

Pa sukulu anali atamanga chingwe kuchokera pa mtengo kufika pa khonde la kalasi. M'kati mwa chingwemo munali anthu ochepa akumalizitsa kuvota. Wapolisi ataona khamu lathu anaimirira, kenako ataona zovala ndi nkhope zathu anavula chipewa. Anakaitana mayi amene ankayang'anira malowo. Mayiyo anabwera, anapinda maondo pamaso pa amayi, n'kupepesa za maliro. Anati anamva nyimbo zathu tikupita kumanda. Kenako anati atseka. Lamulo latsopano likuti folo koloko, kuti kuwerenga kuyambe kukuwala, ndipo omwe tikuwaona m'katimo ndi amene nthawi inawakwanira ali kale pa mzere.

Amalume anayamba kufotokoza. Anati mudzi wonse unali pa zovuta, anati chiyambire timavota mpaka sikisi, anati palibe anabwera kudzatiuza. Mayi uja anayankha mofatsa kuti zinalengezedwa pa wailesi ndi m'misonkhano. Amalume anakweza mawu, adzukulu ena anayamba kung'ung'udza, wapolisi anavalanso chipewa chake. Mayi wachikulire wa nyemba uja anali chapafupi ndi ine, akuyang'ana pansi.

Amayi sanamve zonsezo. Anali kalikiliki kumasula mfundo ya pa ngodya ya chitenje chawo, ndi mano. Munali ziphaso zawo ziwiri, cha unzika ndi chovotera, atazikulunga m'kapepala ka shuga. Ndiye kuti anachezera nazo m'siwa, anapita nazo kumanda. Anazitambasula pamwamba pa chingwe.

"Mwananga, dzuwa si ilo?"

"Ndikuliona, amayi," anatero mayi uja. "Koma ndikakulowetsani inu ndaphwanya lamulo. Pepani. Pepani kwambiri."

Maso ake anali atalengeza misozi, ndipo ndikhulupirira kuti akanakhala ndi njira akanaipeza. Amayi anakhala chitambasulire dzanja kwa kanthawi. Kenako anakulunganso ziphaso zija bwinobwino, kumanga mfundo, kutembenuka. Apa ndi pamene china chake chinandibaya pansi pa nthiti koyamba tsiku lonselo, kuposa pamene dothi linkagunda bokosi. Ndinafuna kutukwana, koma ndikanatukwana ndani? Azakhali, amalume, abusa, mayi wa pa chingwe, kapena ine amene ndinati nthawi ikadalipo? Aliyense anachita zimene amayenera kuchita.

Tinakwera chitunda kubwerera. Ofika kunyumba anasamba m'manja pakhomo n'kumabalalika pang'onopang'ono. Kalole ka akuchimuna kananyamuka kusanade, kusiya azakhali ndi ena awiri odikira kumeta. Azimayi anatsuka miphika, eni ake anabwera kudzatenga mabenchi a ku tchalitchi, wina anakachotsa masamba pamsewu.

Madzulo m'nyumba munali zii. Tebulo linali lisanabwezedwe, ndiye pakati pa balaza panali pongoyera. Azakhali anagona msanga m'chipinda china. Kumunsi ku sukulu kunkamveka anthu akuombera m'manja apo ndi apo, kuwerenga kuli m'kati. Ndinawapatsa amayi tiyi, anamulandira n'kumuika pansi osamwa. Anandifunsa kuti chisankho china chidzakhalako liti. Ndinawauza kuti pakapita zaka zisanu.

Anayang'ana miyendo yawo yotupa.

"Zisanu sindifika," anatero. "Ndiye ndikakawapeza bambo ako, ndikawauze kuti chiyani?"

Ndinatenga kapu ija n'kukaitsanulira tiyi wina wotentha.