Kaseti pa manda a Limbani

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pansi. Pabalaza pa achimwene anga ku Oshawa, kutsidya la nyanja kufupi ndi Toronto, amayi anali ngundangunda, ena atafunda majasi awo. Kunja kunali zii, magetsi a mumsewu okha akuwalira chipale chofewa chimene chinagwa dzulo lake. Linali tsiku loika Limbani, mwana yekhayo wa achimwene, amene anatisiya ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi.

Siwa yake inali yachilendo. Thupi silinali nafe, linagona kwa osunga mitembo m'tauni monga achitira kuno, ndiye tinachezera kuzungulira tebulo lopanda kanthu. Nyimbo za mpingo tinkaimba motsitsa mawu poti mzungu wa nyumba yoyandikana anali atagogoda kale kudzadandaula. Azibambo sakanasonkha moto pabwalo, malamulo salola, choncho anaunjikana m'galaja mozungulira mbaula ya palafini. Achimwene anakhala nawo komweko.

Ndinayatsa sitovu n'kuteleka madzi a tiyi. Amayi awiri a ku Zambia anadzuka kudzandithandiza kudula nkhuku ndi kutsuka mpunga. Mlamu wanga, mayi wa malemu, anali atakhala pa masitepe, mpango uli kumutu, akuyang'ana chitseko. Ndinamupatsa tiyi, anaulandira n'kuuika pambali.

Achimwene anaphunzira kuimba zitoliro za thumba, zimene eni ake a ku Sikotilandi amati bagipaipi, ali m'bandi ya asilikali ku Zomba. Pobwera kuno kudzagwira ntchito ku fakitale ya magalimoto anabwera nazo, ndipo analowa gulu la madoda a Chisikoti amene ankaimba pa maukwati, pa maliro ndi pa maperete. Kwa iwo kuimba kumeneku kunali ngati pemphero. Woimba amaima njo, kapena kuyenda pang'onopang'ono, nyimbo imodzi n'kumaibwereza, ulendo uliwonse zala zikuwonjezera tokometsera. Limbani anayamba kumuphunzitsa ali wamng'ono, poyamba ndi pakamwa, kenako pa kachitoliro kopanda thumba, ndipo panapita zaka asanamulole kukhudza zenizenizo. Atakula anamupatsa zawo zomwe za ku Zomba zija.

Ndiye mwanayo anakumana ndi anyamata atatu a tsitsi lofika m'mapewa, oimba nyimbo za roko zimene zinali zitapengetsa achinyamata zaka zimenezo za m'ma 1970. Anamatirira maikolofoni pa zitoliro za bambo ake n'kumaimba nawo m'mabala. Achimwene atamva anati watenga chinthu cholirira mafumu n'kupita nacho kumowa. Analumbira kuti khutu lawo silidzamva phokoso limenelo, ndipo chilankhulire mawu amenewo Limbani anachoka pakhomo, awiriwo sanadyerenso pamodzi.

Ine ndinapitako kamodzi, atandichonderera. Ndinkagwira unamwino ku Toronto, ndipo bala yake inali pafupi ndi kuntchito, kuchipinda chapansi konunkha mowa ndi thukuta. Woliza ng'oma ankachita ngati munthu akukhoma malata. Magitala ankalira ngati nkhumba zikuphedwa. Pakati pa zonsezo panali mwana wa achimwene, malaya atavula, akudumphadumpha thumba lili m'khwapa. Ndinatuluka nyimbo isanathe. Ananditsatira mpaka pakhomo. "Anti, mwaenjoya?" Ndinamuuza kuti agalu a kwathu akamalira pa mwezi amamveka bwino kuposa zimenezo. Anaseka n'kundikumbatira, thukuta lili chuchuchu. Patapita miyezi ingapo galimoto yawo inaterereka pa msewu wa madzi oundana akuchokera koimba. Atatu aja anatuluka okha. Limbani anachita kumutulutsa.

Kutacha anthu anayamba kufika. Amalawi kuno tinali owerengeka nthawi imeneyo, koma anabwera onse, ena pa sitima kuchokera ku Toronto, ena pa galimoto kuchokera ku Brampton ndi ku Markham. Nsapato zinaunjikana pakhomo, chipale chikusungunuka m'khonde.

Kenako anafika madoda a gulu la achimwene, atavala masiketi amizeremizere a chikhalidwe cha kwawo, mawondo atafiira ndi kuzizira. Mkulu wawo, wa ndevu zoyera, anagwira achimwene dzanja nati ngokonzeka kuimba nyimbo ya maliro kumanda. Akanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma anawonjezera kuti mnyamatayo anali ndi manja abwino, zachisoni kuti anawatayira kudzala. Mawu amenewo kuwanena kwa bambo, mwana asanalowe m'nthaka! Achimwene anangoti, "Lero kulibe zitoliro." Madodawo anatenga tiyi n'kukaima pawindo, kumakambirana za mpikisano wawo wa chaka chamawa.

Omaliza kufika anali atatu aja. Anabwera m'majini, tsitsi losapesa, wina pulasitala ali pachipumi, wina mkono uli m'nsalu. Analowa ndi nsapato mpaka pa kapeti. Woimba wawo, mnyamata woonda ngati bango, anapita kwa achimwene n'kuwatchula dzina lawo lenileni ngati amasewera nawo mpira. Amayi ena anagwira pakamwa. Achimwene anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi osatulutsa dzanja m'thumba. Madoda a masiketi ndi anyamata a tsitsi anaima m'ngodya zosiyana za chipinda, akuyang'anana cham'mbali, aliyense akudziona ngati mwini maliro.

Kutchalitchi sitinakhalitse. Abusa anali ndi ukwati masana, ndiye ulaliki unali waufupi ngati chilengezo. Bokosi linali lotseka. Tinatuluka chipale chitasanduka mvula yozizira yolasa kumaso. Mdipiti wa magalimoto unayenda pang'onopang'ono, magetsi ali oyatsa, kudutsa pa fakitale pamene antchito anzawo a achimwene anaima pageti atavula zipewa. Amenewo okha ndiwo anandigwira mtima tsiku lonselo.

Kumanda kunalibe adzukulu. Dzenje linakumbidwa ndi thirakitala, ndipo dothi lake analiphimba ndi kapeti wobiriwira, ngati kuti dothi ndi chinthu chochititsa manyazi. Bokosi linakhala pa malamba a makina otsitsira. Tinaima mozungulira, maambulera akugundana. Ndinaona mkulu wa ndevu uja akuyang'anayang'ana kugalimoto yake. Anali atabisa zitoliro zake kubuti, kudikira kuti mwina achimwene asintha maganizo.

Abusa atatseka buku, mnyamata woonda uja anasendera kutsogolo n'kutulutsa wailesi ya kaseti mkati mwa jasi. Anati anarekoda nyimbo imodzi sabata yomwe Limbani anamwalira, ndipo akupempha kuti aiyike. Pamanda, pamaso pa abusa ndi akuluakulu, zonyansa za m'bala zija! Achimwene anapukusa mutu, ndipo mnyamatayo anayamba kubwerera m'mbuyo.

Apo mlamu wanga, amene sanatsegule pakamwa chiyambire maliro, anayankhula. "Bambo a Limbani, mwana uyu ndinamumva koyamba akulira ku Zomba, inu muli ku perete. Ndilekeni ndimumve komaliza." Anatembenukira mnyamata uja. "Yatsa." Chichewa sankachimva, koma anayatsa.

Zinali zimene ndinkayembekeza. Ng'oma zinayamba kukhoma malata awo, magitala akukuwa, mawu a woonda uja akukalipa zosamveka. Mabatire anali atafooka ndi kuzizira, ndiye nyimboyo inkakokeka ngati woledzera akukwera chitunda. Abusa anayang'ana kumwamba. Madoda a masiketi anayang'ana nsapato zawo, mmodzi akubisa kamwa ndi gulovu. Amayi a kwathu anayang'anana. Ine ndinalakalaka dzenjelo likanakhala langa.

Pakati pa nyimbo magitala anatsika, zitoliro n'kulowa zokha. Kwa ine zinali phokoso pamwamba pa phokoso. Mlamu anatseka maso, misozi ikutsika mosabisa. Achimwene anali pafupi nane, nkhope ili gwa ngati msilikali pa perete. Koma nditayang'ana pansi ndinaona zala zawo zikuyenda pa chigwiriro cha ambulera, kukwera, kutsika, kutsatira zimene zinkatuluka m'kabokosi kaja. Sindikudziwa ngati iwo ankadziwa kuti zikuyenda. Aka kanali koyamba kuti amve mwana wawo akuimba chichokere pakhomo.

Kasetiyo inaima yokha nyimbo isanathe. Mnyamata uja anaigwedeza, anaimenya ndi chikhatho, koma ayi ndithu. Anaibweza m'jasi. Munthu wa kampani ya maliro anadina batani, bokosi n'kutsika bwinobwino popanda dzanja la mbale aliyense. Anatipatsa kamchenga m'kachitini kuti tiponye, poti dothi lenileni linali litauma gwa. Tinaimba nyimbo imodzi ya kwathu, milomo ikunjenjemera, n'kuthamangira m'magalimoto. Atatu aja anachokera kumanda komweko osabwereranso kunyumba. Madoda a masiketi anabwera, anadya mpunga ndi nkhuku mpaka kuwonjezera, akuuzana kuti chimene amva kumanda ndi umboni wa zonse zimene akhala akunena.

Pofika madzulo anthu anali atabalalika kuthamangira sitima ndi mashifiti. Tinatsala atatu. Mlamu anakagona m'chipinda cha mwana wake. Ine ndinkatsuka mbale, achimwene atakhala patebulo la kukhitchini, jasi asanavule.

"Nyimbo ija ndi yonyansa, achemwali," anatero.

"Yonyansa zedi," ndinayankha.

Anakweza dzanja lamanja n'kugwedeza chala chaching'ono. "Aka kankamukanika. Ndinalimbana naye zaka, mpaka kumumenya ndi rula, kosatheka. Lero kamagwa ngati nyundo, osaphonya ngakhale kamodzi. Munamva?"

Ndinawauza zoona, kuti ine sindinamve chilichonse koma phokoso.

"Anyamata aja apita nayo kasetiyo?"

"Apita nayo."

"Amakhala kuti?"

Sindinkadziwa. Mwa anthu onse amene anadzaza nyumbayo tsikulo, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawafunsa ngakhale maina awo. Achimwene anagwedeza mutu pang'ono n'kuika dzanja lija patebulo. Ndinatseka mpopi, ndipo tinakhala choncho m'nyumba ya zii, mvula ikugogoda pawindo.