Jekete Yothina ya Mwini Fakitale

Pamsewu wa mashopu uja aliyense ankangowatchula kuti Atelala. Anali mayi wamfupi wa magalasi omangira kaulusi kukhutu, ndipo ankakhala pakhonde la shopu ya nsapato ndi makina awo opalasa ndi phazi. Anthu ankawabweretsera mathalauzi ong'ambika kumatako, mayunifomu a ana ndi mazipi okanika, n'kumawaseka kuti amakalipira makinawo ngati mwamuna wobwera ataledzera. Odziwa ntchito yawo inayo anali ochepa, ndipo ochepawo pakamwa anali atasoka.

Ali mtsikana, azakhali awo amene anawaphunzitsa kusoka anawasiyira kampukutu ka ulusi wakuda. Ulusiwo ukasokedwa m'kati mwa kolala, munthu woyamba kuvala chovalacho n'kumanga batani ankayamba kubanika, kolala ikumufinya pang'onopang'ono mpaka mpweya kutha. Madokotala ankangoti ndi mtima. Tisabise, ntchitoyi Atelala anaigwira ndithu. Akazi otupa maso ankafika pakhonde paja atafumbata malaya a amuna awo, ndipo sankabwereranso kudzadandaula. Koma atabereka mwana wamkazi analumbira kuti basi, kachidutswa kotsala n'kukaponya m'chitini cha mabatani. Kanali kongokwana kolala imodzi.

Mwanayo anakula, kusoka n'kukukana, akuti singano imamupweteka maso. Anakalowa ntchito pafakitale ya matiresi. Mwini fakitaleyo anali ndi chizolowezi chotseka chitseko ndi loko chakunja nthawi ya ntchito, poopa kuti atsikana azimubera masiponji. Tsiku lina masana moto unabuka, ndipo kiyi anali m'thumba la bwana, bwanayo ali kokadya. Atelala anamuzindikira mwana wawo chifukwa cha msoko wa siketi, poti anasoka okha.

Kukhoti maloya anati vuto linali mawaya a magetsi. Mwini fakitale anatuluka wopanda mlandu akupukuta magalasi, Atelala n'kubwerera kunyumba. Anasowa mtengo wogwira. Anasiya kudya, makina anachita dzimbiri, ndipo anansi atatopa n'kuwauza kuti azisiye m'manja mwa Mulungu, anayamba kuwalambalala. Chimene chinawadzutsa pamphasa si pemphero ayi, koma chitini cha mabatani chija.

Anafufuza mpaka anadziwa shopu yaikulu imene bwanayo ankasoketsako masuti. Anakapempha ntchito, mayi wa imvi, n'kuvomera kusesa, kusita ndi kusokerera mabatani pansi pa anyamata amene sankatha n'komwe kuwongola mkono wa jekete. Anameza mwano wonse. Mwini shopu ataona dzanja lawo anayamba kuwapatsa nsalu zodula, iwo n'kumadikira, akusuzumira panja nthawi iliyonse galimoto ikaima pakhomo.

Kenako linafika tsikulo. Analowa dalaivala wa bwana, bambo wowonda waulemu wake, atanyamula nsalu yotuwa ndi jekete yakale. Anati abwana alibe nthawi yodzayezedwa, angotengera muyeso pa yakaleyo.

Telala aliyense, ngakhale wophunzira dzulo, amadziwa kuti chovala chakale chimanama. Umafunsa ngati mwiniwake sananenepe, ndipo podula umasiya nsalu yokwanira m'kati mwa msoko kuti mawa udzathe kukulitsa. Atelala anali atakalipirapo ophunzira ambiri pa nkhani yomweyi. Koma tsiku limenelo m'mutu mwawo munali khosi la munthu uja basi. Sanafunse kanthu. Anadula ndendende pamzere wa choko, sizasi ikudya nsalu mwaukali, pofuna kuti jeketeyo ikamugwire thupi osamusiyira mpata. Ulusi wakuda anausokera m'kolala ndi dzanja, misozi ikugwera pachala.

Jekete inapita. Iwo anatchera khutu ku wailesi ya m'shopu kudikira uthenga wa maliro, tsiku n'kudutsa, lina n'kudutsa, nyimbo zokhazokha.

M'malo mwa uthenga kunabwera dalaivala yemwe uja, jekete ili pamkono. Abwana aiyesa, anatero, koma batani silikufika, mimba yakula. Aikulitse msangamsanga, eni ake akudikira m'galimoto panjapo.

Atelala anatembenuza jekete, kumasula nsalu ya m'kati, n'kupeza zimene ankazidziwa kale: munalibe chokulitsira ngakhale chopingasa chala. Kusamutsa ulusi kunali kosatheka, chifukwa ukangosololedwa pamene wasokedwa umasanduka phulusa. Anapempha mwini shopu kuti aike kansalu kumsana, iye anati nsalu inatha. Anati asunthe batani, koma mpata wake unali waukulu. Anagwada pansi n'kuyamba kufukula m'dengu la zidutswa ngati nkhuku, anyamata aja akugwirana pakamwa. Dalaivala anatuluka kukafotokoza, ndipo anabwerera nkhope ikuwala.

“Amayi, musavutike. Abwana akuti savala zigamba, asoketsa ina. Iyi andipatsa ine.”

Anawonjeza kuti chibadwire sanavalepo jekete, ndipo mwana wake wamkazi akumaliza maphunziro a unamwino mwezi womwewo, akaonekera nayo kumeneko. Atelala anaikumbatira jeketeyo. Anati isiyeni ndiitseke m'katimu, anati mubwere mawa, anati siikukhalani. Bamboyo anangoseka, kuti zam'kati amayi a kunyumba akasoka, n'kuisolola m'manja mwawo mwaulemu, ulendo panja.

Anamutsatira, sizasi ili m'manja osadziwa n'komwe. Dzuwa linali pamutu, msewu uli yakaliyakali. Galimoto inali pomwepo, ndipo kumpando wakumbuyo kunali munthu uja, wonenepadi, akuseka pafoni. Chiyambire kukhoti anali asanamuyandikirepo chotere. Dalaivala anaponya mkono umodzi m'jekete, winanso, n'kudziyang'ana pagalasi la galimoto. Inamukhala bwino zedi. Zala zake zinapita pabatani.

Atelala anaganiza zambiri pakanthawi kameneko, ndipo zina n'zochititsa manyazi. Anaganiza kuti akangomuletsa kumanga batani n'kuisiya jekete yamoyo, mwina tsiku lina bwana adzawonda. Anaganiza kuti uyu amadya za bwana yemweyo. Koma batani linali litalowa kale theka pabowo.

Anamudumphira kumsana, kugwira kolala, n'kuidula pakati. Kaphulusa kanawaza pamapewa a bamboyo, mphepo n'kukatenga. Anthu anakuwa kuti wamisala, mlonda wa pashopu anawapotokola mkono, sizasi n'kugwera m'ngalande. Dalaivala anavula jekete yake yoyamba n'kuiyang'ana.

“Ndakulakwirani chiyani, amayi?”

Maso a Atelala anali pagalasi lakumbuyo la galimoto, limene linkatsika pang'onopang'ono. Bwana anaika foni pachifuwa n'kufunsa mlonda kuti mayiyu vuto lake n'chiyani. Atelala analibenso ulusi, ntchito inali itathera pomwepo, chimene chinawatsalira ndi pakamwa pokha.

“Mwana wanga anapsa m'fakitale mwanu. Munamutsekera ndi loko.”

Bwanayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osakwiya, osaopa, akuyesetsa ndithu kukumbukira.

“Pepani, mayi,” anatero. “Anali uti? Pajatu analimo ambiri atsikana aja.”