Kompyuta ya a Kalaliki

Ndinaganiza zopita ku Joni ndili chiimire kumbuyo kwa mpando wa bambo anga, tonse tikudikira kuti kompyuta yawo iyake. Inkatenga nthawi yoti munthu n'kupita kumjigo n'kubwerako. Ikafika poyaka inkaimba kanyimbo kake, bambo n'kukonza kolala ngati kwalowa mlendo wolemekezeka. Tsiku limenelo anandiuza kuti akufuna kundiphunzitsa ntchito, kuti iwo akadzatopa ine ndidzakhale pampandopo. Ndinayang'ana chibokosi chotuwacho, ndinayang'ana chifunga chomwe chinali chitameza phiri panja, mumtima n'kuti ine ayi, sindidzakalambira pano ndikutayipa mapulogalamu a maliro.

Bambo anagwira ukalaliki ku Dedza boma zaka zambirimbiri, ndipo atapuma anagula kompyutayo ndi pulinta. Kwathu kuno, mbali ya Kasina, dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale, aliyense amangoti a Kalaliki. Mayeso a ana asukulu, makalata a mphakati, mndandanda wa nyimbo za ukwati, zonse zinkadutsa patebulo lawo. Phindu lake linali la sopo ndi mchere basi. Komabe iwo ankadzuka m'mawa, kusamba madzi ozizira a ku Dedza, kumanga tayi, n'kukhala pamakinapo ngati ali ku ofesi ya boma. Amayi ankanena poyera kuti tsiku limene ntchito imeneyi idzathe, ife tidzayambe kufunafuna matabwa a bokosi.

"Pita," anatero bambo nditawauza za ulendo wa ku Joni. "Koma ukakafika uzikalemba."

"Ababa, masiku ano anthu salemba. Amaimba foni."

Ndinayankha mwamwano dala, ndipo ndinakwera basi pa boda ndikudzimva kuti ndawina.

Ku Joni ndinapeza ntchito m'kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta. Mwini wake anali munthu wosaseka, ndipo anandiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba chinali kuika sisitimu, pulogalamu yaikulu ija yomwe imayendetsa zonse m'kati mwa kompyuta. Chachiwiri chinali kuopseza kasitomala. Munthu akabwera ndi makina akale, ndinkapukusa mutu ngati dokotala amene waona zoipa. Ndinkamuuza kuti sisitimu yakeyo eni ake anasiya kuisamalira, kuti mavairasi akulowa ngati m'nyumba yopanda chitseko, kuti akuba amutsuka mawa lomwe. Zina mwa zimenezi zinali zoona ndithu, ndiye bodza langa linkayenda bwino. Ambiri ankayankha mawu amodzimodzi, oti anazolowera yakaleyo. Mawu amenewo ndinadana nawo kwambiri. Munthu woti wazolowera ndinkamuona ngati wamwalira kale, angodikira womukwirira.

Koma ine ndemwe ndinkakhala bwanji? Tinkagona anthu anayi m'chipinda chimodzi, nsapato kumutu kuopa kubedwa. Ndikaona galimoto ya apolisi ndinkalowa m'shopu iliyonse n'kuyamba kufunsa mitengo ya zinthu zomwe sindikanagula. Lamulungu ndinkasungulumwa mpaka kumva kuwawa pachifuwa. Mankhwala anga anali kubwereka jekete la mnzanga, kupita pamalo oimika magalimoto, n'kutsamira yofiira ina yomwe inkaima pamenepo sabata iliyonse. Mnzangayo ankandijambula, ine n'kutumiza zithunzizo kumudzi. Sindinanenepo kuti galimotoyo ndi yanga. Sindinanenenso kuti si yanga.

Zaka zoyamba bambo ankanditumizira mauthenga ataliatali pafoni, oyamba ndi "Wokondedwa mwana wanga" ngati kalata yopempha ntchito. Ndinkawawerenga modumphadumpha. Kenako anasiya, n'kutsala mawu ojambula a amayi okha: kuno kukuzizira, mbatata yachita bwino, feteleza wakwera. Ndinkatumiza zomwe ndapeza, nthawi zina ndikugona ndi tiyi wopanda buledi, ndipo ndinkadzilankhulira kuti kumudzi andisandutsa banki. Za kuleka kulemba kwa bambo ndinati ndi matama a anthu a tayi. Zaka zisanu ndi chimodzi zitatha shopu inatsekedwa, ndipo ndinabwerera ndi chikwama chimodzi, jekete lomwe lija nditaligula kwa mwini wake, ndi kafulashi kodzaza masisitimu.

Kumudzi ndinapeza chilichonse chili pomwe ndinachisiya, ndipo zinandinyansa. Mipando inali pomwepo. Ndowa inali pomwepo. Ngakhale mwala wotsekereza chitseko sunasunthe. Bambo anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kundisisita paphewa.

"Wanenepa," anatero.

Ndinali nditaonda moti lamba ndinamuboola kawiri, koma ndinangoti ndi ulemu wa akuluakulu. Nditaika chikwama pakhomo la chipinda, amayi anachinyamula mwachangu n'kundikalipira ngati ndataya makala pamphasa. Nditakokera mpando padzuwa, anaubweza pamalo pake ndisanaukhalire bwino. Ndinaseka ndekha. Anthu awa ankaopa kusintha mpaka mpando.

Mawa lake kunabwera a Mbewe, mphunzitsi wamkulu wa pasukulu yapafupi, ndi pepala la pulogalamu ya ukwati wa mwana wawo womwe unali Loweruka. M'malo molipereka, anakhala pambali pa bambo n'kuyamba kuliwerenga mokweza, dzina ndi dzina.

"Zolemba zangazi n'zoipa, a Kalaliki, bola ndizikuwerengerani."

Ndinasuzumira pepalalo. Zilembo zake zinali zoongoka kuposa za pulinta. Ndinati m'mutu mwanga, taonani mphunzitsi wathunthu akutaya m'mawa wonse pa ntchito ya mphindi khumi. Anafika theka, n'kugwirizana kuti zotsalazo amayi adzawerengera bambo Lachisanu masana.

Mlendo atapita ndinayamba ulaliki wanga wa ku Joni. Ndinauza bambo kuti sisitimu yawo ndi ya m'manda. Njira zinali ziwiri: kuikweza n'kuikamo yatsopano ya mtundu womwewo, kapena kuichotseratu n'kuikamo ina yaulere, yopepuka, yomwe imathamanga ngakhale pamakina okalamba. Yoyambayo chibokosi chawocho sichikanaisenza, ndiye yotsala inali yachiwiri.

"Isiye," anatero bambo. "Imeneyi imandidziwa, inenso ndimaidziwa."

"Ababa, mavairasi adzakudyerani zonse."

"Adzalowera kuti? Siilumikizidwa kulikonse."

"Koma imachedwa."

"Ndikuthamangira kuti ine? Ndinaizolowera."

Mawu aja anatuluka, omwe aja. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuvutika kunja, chinthu chimodzi chokha chomwe ndinabwera nacho chinali luso limeneli, ndipo bambo anga ankalikana ngati munthu wokana ndiwo zosalawa.

Lachisanu m'mawa anapita kumaliro kutsidya kwa dambo. Ndinawaona akutsika njira, amayi patsogolo pang'ono, bambo atawagwira pachigongono, ndipo ndinati chikondi cha ukalamba chilibe manyazi. Atangobisika ndinakhala pampando uja. Ntchito ndinaigwira mwaukatswiri, zimenezo sindingadzinamizire. Mafayilo onse ndinawakopera pafulashi, ndinapukuta yakale yonse, ndinaika yatsopano, mafayilo n'kuwabwezera m'mafoda osanjidwa bwino motsatira zilembo. Ndinaikanso chithunzi cha nyumba zitalizitali za ku Joni pasikirini. Tsopano inkayaka munthu asanameze malovu.

Atabwerako masana, bambo anasamba m'manja n'kukhala pampando kuti amalize pulogalamu ya a Mbewe. Amayi anakhala pambali ndi pepala. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, manja m'thumba, ndikudikira kuyamikiridwa. Anadina batani. Sikirini inawala nthawi yomweyo, nyumba za ku Joni zili ngwee pamaso pawo penipeni. Bambo anaika manja pamaondo n'kudikira. Mphindi inatha. Inatha yachiwiri.

"Lero yachedwa," anatero.

Ankadikira kanyimbo. Sisitimu yatsopanoyo inkayaka mwakachetechete.

"Ababa, yayaka kale," ndinatero.

Anagwira mausi n'kuikankhira kutali pakona yakumanzere mpaka pothera, anadina kamodzi, kenako batani lotsitsa katatu, akuwerenga ndi milomo, n'kudina lotsegulira. Palibe chomwe chinatseguka. Koma iwo anati, "Werengani, mayi," ndipo zala zawo zinayamba kuthamanga pakiyibodi, zikulemba mayina a operekeza akwati a mawa mumphepo chabe. Amayi anayang'ana sikirini, kenako anayang'ana ine. Sindinaonepo munthu akundiyang'ana monyansidwa choncho, ngakhale apolisi a ku Joni.

Amayi ananditulutsira kuseri kwa khitchini.

"Wachita chiyani, Gervazio?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndakufunsa ndine."

Kenako anandiuza. Maso a bambo anayamba kufa zaka zitatu zapitazo, ndipo kuchipatala anati mitsempha yake inauma, palibenso chochita. Chomwe ankaona tsopano chinali kusiyanitsa usana ndi mdima basi. Kutayipa sikunawavute, zala zinaphunzira pa tayipulayita ya ku boma. Zina zonse ankaziyenda ndi mtima: pakona, kutsika kangati, kudina chiyani. Amayi ankawerenga pasikirini kuona ngati palakwika. Mudzi wonse unkadziwa. Aliyense wobweretsa ntchito ankanamizira kuti zolemba zake n'zoipa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapititsa pepala lake ku mashopu a ku boma, ngakhale kumeneko n'kwachangu.

"Anakaniza kukuuza," anatero amayi. "Anati mwana ali pabwino, asasiye galimoto yake ndi ntchito yake chifukwa cha maso a nkhalamba."

Ndinachita manyazi. Anthu omwe ndinkawaseka kuti amaopa kusuntha mpando anali atagwira mudzi wonse kuti usagwedezeke, kuti munthu mmodzi azitha kuyendamo. Wopusa m'nyumba monsemo ndinali ine, katswiri wa ku Joni, yemwe ndinaona kuti makina ndi akale koma osaona kuti bambo anga sakundiona.

Nditalowa ndinapeza bambo akadali pampando, manja atawachotsa pakiyibodi.

"Ngati yafa, ukawauze a Mbewe apite ku boma kusanade," anatero. "Ukwati sungaime chifukwa cha ine." Anayamba kumasula tayi.

"Ababa, zimbale za sisitimu zomwe kompyutayi inabwera nazo zilipo?"

Zinalipo, mu envelopu imodzi ndi makadi athu a ubatizo. Masana onsewo ndinakhalira kubwezeretsa sisitimu yomwe ndinaitukwana, pamodzi ndi pulogalamu yolembera ndi ya pulinta. Koma malo a mafoda pasikirini ndinali nditawapukuta, ndipo sindinawaloweze, poti ndinkawaona ngati zinyalala.

Loweruka m'mamawa, chifunga chisanachoke, tinakhala awiri patebulo, iwo akunena ine ndikuika.

"Pamwamba penipeni, ya mayeso. Pansi pake, ya mphakati. Yachitatu, maukwati. Yachinayi, maliro. Usazisinthanitse zimenezo, ndingadzaimbitse anthu nyimbo yolakwika."

Anatchula mafoda onse osakayika ndi pamodzi pomwe. Yotsiriza, pansi penipeni, inali ndi dzina langa.

"Mmenemo muli zithunzi zako," anatero. "Amayi ako amandifotokozera. Galimoto yofiira ija unaisiyira ndani?"

Amayi anali panja akusesa. Ndikanatha kunena kuti ndinagulitsa.

"Sinali yanga, ababa."

"Ndinkadziwa. Munthu wagalimoto salankhula choncho pafoni Lamulungu. Mawu ako ankamveka njala." Anafufuza dzanja langa patebulo n'kulipeza. "Amayi ako usawauze, amaikonda galimoto imeneyo. Foda ibwezere pomwe inali, uzimitse, uyatsenso."

Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Tinadikira nthawi yonse ija yopita kumjigo n'kubwerako, ine ndili chiimire kumbuyo kwa mpando wawo. Panjira a Mbewe anali akubwera kale, atavala suti. Kanyimbo kanalira. Bambo anakonza kolala, n'kundipatsa pepala lija mozondoka.

"Werenga," anatero. "Pang'onopang'ono."