Jekete la a Mbewe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene mpingo wathu wa Amalawi a ku Kurasini, mumzinda wa Dar, unakonza ulendo wopita ku kachilumba kena kopanda anthu, kamene kamangooneka ngati kadontho ukaima padoko. Akuluakulu ankati tikukapemphera, koma ife ana tinkangoganiza zosambira.

M'botimo munalinso a Mbewe, bambo wachikulire amene ankalondera payadi ya makontena pomwe bambo anga ankagwira ntchito. Analibe mkazi kapena mwana mu Dar monse. Tsiku limenelo anavala jekete lakuda ndi tayi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo anthu ankakodolana n'kumaseka. Nkhani yawo tonse tinkaidziwa, poti ankaifotokozera aliyense. Bambo awo anatengedwa usilikali pa nkhondo ya azungu iwo ali wakhanda, ndipo anakafera pachilumba china kufupi ndi Dar akulondera mzinga. Kumudzi kunangofika uthenga ndi bulangeti. A Mbewe ankakhulupirira kuti chilumbacho n'chimenechi, ngakhale panalibe wowatsimikizira.

Tisanatsike, mwini boti, Mswahili wa ndevu zoyera, anatilangiza. Anati pachilumbapo sachotsapo kanthu, ngakhale chigoba cha nkhono. Ukafika pamanda akale a pansi pa mlambe, umavula nsapato. Polowa m'nyumba za asilikali umayamba waodira, chifukwa eni ake sanachokemo, ndipo asodzi amawamva akutsokomola.

Nyumbazo tinazipeza titadutsa m'tchire la minga. Zinali zipinda za simenti zokwiririka theka, zonunkha mileme, ndipo pafupi pake panali mzinga wadzimbiri utaloza kunyanja. Kuseri kwa chipinda chachikulu kunali chipaipi cholowetsa mpweya. Mnzanga Yohane ndi amene anatulukira kuti ukalankhuliramo, mawu amamveka m'katimo ngati akuchokera pansi pa nthaka.

Masana, akuluakulu akudya chapati kugombe, tinaona a Mbewe akubwera okha, nsapato zili m'manja. Yohane anandikokera kuseri kuja. Iye Chichewa ankangomva, kulankhula kunkamukanika, monga ana ambiri obadwira kuno. Ine ndinkachidziwa bwino chifukwa mayi ankatiletsa Chiswahili m'nyumba. Nzeruyo inali ya Yohane, koma ndisaname, sanandikakamize.

Tinamva a Mbewe akuti, "Odi! Odi kuno!"

Ndinaika pakamwa pachipaipi, dzimbiri likundikanda milomo, n'kukulitsa mawu. "Lowa, mwana wanga. Wachedweranji?"

Kenako tinamva maondo akugunda pasimenti.

"Bambo? Ndi inu, bambo?"

"Ndine. Ndakudikira nthawi yaitali. Kuno kukuzizira."

A Mbewe analira ngati mwana. Anafotokoza kuti mayi awo anamwalira osakwatiwanso, kuti iwo akalambira m'dziko la eni akufunafuna manda, ndipo anapepesa kuti abwera chimanjamanja. Yohane ankadziluma dzanja kuti asaseke. Ine ndikanatha kulekera pomwepo, koma ndinapitiriza. "Vula jeketelo undifunditse." Analivuladi. Titasuzumira, tinaona akuliyala bwinobwino pa zitosi za mileme, akuwongola makwinya ndi zikhatho.

Anabwerera kugombe ndi shati yokha, nkhope ikuwala, n'kuuza mpingo wonse kuti bambo awo awalankhula. Abusa anayang'ana pansi. Amayi ena anabisa nkhope m'zitenje. Yohane kupirira kunamukanika, anaseka chikhakhali n'kundiloza. "Ni yeye! Ndi uyu!"

Bambo anga anandikoka khutu mpaka pakati pa anthu. "Bwereza," anatero. "Ndi mawu omwe aja. Amve onse."

Nditakana anandiomba mbama, mchenga n'kulowa m'kamwa. Ndinadzuka n'kubwereza ndikulira, "Lowa, mwana wanga." Wina kumbuyo anaseka. A Mbewe anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Zonse zija unali iwe?" anandifunsa chapansipansi. "Ndi za kuzizira zomwe?"

Ndinavomera ndi mutu. Mwini boti anafuna kukawatengera jekete lija, koma iwo anati, "Lisiyeni konko."

Pobwerera anakhala kutsogolo kwa boti atatifulatira, madzi akuwathovukira pashati. Kutchalitchi sanabwerenso. Nkhaniyo inafika kuyadi, ndipo onyamula katundu ndi madalaivala a malole opita ku Malawi anayamba kuwakuwiza akamatsegula geti: "Lowa, mwana wanga!" Patapita miyezi ingapo anasiya ntchito n'kusamukira ku Temeke. Anamwalira ine ndili kusekondale. Kokapepesa ndinkangoti ndipita mawa, mpaka sindinapite.

Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti amene anawapweteka kwambiri ndi bambo anga, amene pofuna kuonetsa mpingo kuti amadziwa kulanga mwana anachititsa manyazi munthu wosalakwa. Mwina n'zoona. Koma tsopano ndakula, ndipo sindingabisalenso kumbuyo kwa bambo kapena kwa ubwana. Kuseri kwa chipinda kuja ndinamva bwino lomwe kuti munthu akulira zenizeni, ndipo ndinapitiriza chifukwa zinkandikomera kuti wamkulu wagwada, akuchita chilichonse chimene ndanena. Kukoma kumeneko sikunathe mwa ine. Ndimakumvabe nthawi zina, munthu wosowa pogwira akandikhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ndikangokumva ndimadziopa.