Amene Ananyamula Machira

M'chaka choyamba cha mliri ndinkagwira ntchito ku Dubai, m'nyumba ya azungu a ku Australia. Bambo awo a madamu anabwera kudzacheza, ndege n'kuimitsidwa iwo akadali m'nyumbamo. Anali nkhalamba yotupa miyendo, ndipo ine ndinkangowaitana kuti agogo.

Chaka chilichonse mu Epulo, kwawoko amadzuka mbandakucha kukakumbukira asilikali awo. Agogowo anali asanaphonyepo. Poti kuyenda kunali koletsedwa, agogo anati tingokaima pageti ndi kandulo. Vuto linali masitepe. Chipinda chawo chinali m'mwamba, bwana anatsekerezedwa kunja kwa dziko, madamu anali oyembekezera.

"Basi, adadi, muyatsira pawindo pompano," anatero madamu.

Agogo anayang'ana masitepe aja, misozi ili lengelenge.

Ndinawabereka ndi chitenje ngati khanda n'kutsika nawo. Ankalemera kuposa thumba la chimanga, moti msana unandipweteka sabata yathunthu.

Tili pageti anandiuza kuti sadzukira asilikali okha. Bambo awo anawomberedwa pankhondo yachiwiri ya dziko lonse m'mapiri a ku Papua. Anthu akuda a kumeneko anawanyamula pamachira masiku ambiri, m'matope, akuwatchingira mvula ndi masamba, mpaka kuwafikitsa kuchipatala.

"Mayina awo anali ndani?" ndinafunsa.

"Bambo sanafunse."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Munthu akusenze paphewa mpaka upulumuke, ukakwatire, ukabereke ana, iwe osamufunsa ndi dzina lomwe! Ndinawauza mosapsatira kuti ifenso tinali ndi wathu. Agogo awo a mayi anga anatengedwa mokakamiza pankhondo yoyamba kukakhala mtengatenga, wosenza katundu wa asilikali, ndipo sanabwerere. Palibe amene amawayatsira kandulo.

Nkhalamba ija inavula chipewa.

"Tiwayatsire lero. Unditchulire dzina lawo, ndilinene mokweza."

Ndinalifunafuna dzinalo m'mutu, osalipeza. Kwathu timangoti "agogo aja anapita kunkhondo". Ndinaimbira mayi kumudzi pomwepo, ngakhale kumeneko tambala anali asanalire. Mayi anati amene ankalidziwa dzinalo anali azakhali awo, omwe tinawaika chaka chathachi.

Agogo anali chiimire, atagwirira geti, akundidikirabe. Manyazi anandigwira kwambiri. Ndinawauza kuti nanenso sindilidziwa.