Mwendo wa agogo osema mabwato

Anali Abiti Saidi, oyandikana nafe ku Lungwena, amene anathamangira kubwalo komwe amayi anga ankaphunzira nyimbo za chipani ndi amayi anzawo, ine ndikuonerera. Anakuwira amayi kuti, "Anganga, anzanga inu, bambo anu aja ayambanso kudzipala pachilonda!"

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la phula lotentha lomatira mabwato litasakanikirana ndi la chilonda cha pamsongolo pawo, chimene chinayamba ngati kathuza n'kukula ngati chikhatho, m'mbali mwake mwakuda bii. Iwo lamulo lawo linali limodzi: "Mtengo ukawola, umasema powolapo." Basi, mwendonso ankautenga ngati mtengo.

Kuchipatala cha mishoni, adokotala a opaleshoni anali atanena zodula mwendowo. Mulungu ndi wabwino, kunabwera adokotala a khungu ochokera ku Blantyre, nakhala pansi ndi a opaleshoni aja, asisitere ndi amayi. Anati chilondachi si cha tizilombo, ndi thupi lodziukira lokha, ndipo chikakhudzidwa ndi mpeni chimalusa. Anagawana ntchito: iwo mapiritsi, asisitere kumanga bandeji, a opaleshoni kungodikira. Amayi anapatsidwa yovutitsitsa, kulondera manja a agogo.

Malezala anabisa onse, mipeni ankagona nayo. Koma kunyimbo za chipani munthu sankajomba, ndipo tsikulo tinapeza agogo pansi pa mango akudzipala ndi chigoba cha nkhono, magazi ali chuchuchu.

"Ababa, anthu anayi akuvutikira mwendo umodzi, inu n'kumaupala ngati bwato?" anatero amayi.

"Anayiwo anasemapo chiyani?" anatero agogo.

Patatha sabata chilonda chinali chitafika kukatumba. Asisitere anati akadzipala kamodzinso, mwendo upita. Titafika kunyumba amayi anatenga kasemasema wa agogo n'kumuika pamphasa. "Dulani nokha lero, ndipume." Agogo anayang'ana kasemasemayo nthawi yaitali, kenaka anakhalira manja awo.

Chinapola patadutsa mvula ziwiri. Anayendanso mpaka kugombe ndi miyendo yawo yonse, akuuza aliyense kuti, "Ndinadzichiza ndekha, nkhono ija." Zikomo kwa amayi sananenepo, ndipo mpaka lero ndikaganiza mtima umatentha, ndimachita kupempha Ambuye andikhululukire.

Amayi tsopano akalamba, ali kwanga, ndipo nawonso mankhwala amalavulira kuseri kwa chitseko. Abale, mukamagwada mutikumbukireko pabanja pathu, makamaka ine, kuti ndileze mtima.